Uziwafunsa Zimene Anasiya

Chinyunyu, Lamlungu masana

Mwana wanga Tikambenji,

Ndikulemba kalatayi nditakhala pa benchi la pa kashedi kanga kokonzeramo njinga, iwe utapita kukatsanzikana ndi anzako a kwaya. Uona kuti zilembo zake ndi zikuluzikulu ngati za mwana wa giredi yoyamba, ndipo mapepala atha ambiri. Usaseke, chifukwa chake ndikuuza kumapeto. Ndikanatha kukuitana n'kukamba nawe pakamwa, koma umandidziwa. Ndikayamba nkhani yolemera ndimathawira ku nthabwala, ndipo iwe umayamba kundiyankha ndisanamalize, monga ankachitira malemu amayi ako. Pepala lokha ndi limene lingandilole kufika kumapeto.

Mawa ndi tsiku loti ukwere minibasi kupita ku koleji ya unamwino. Koma dzulo ndinapeza sutikesi yako itabwezedwa kunsi kwa bedi, bulangete latsopano lija litatulutsidwa n'kuyalidwa. Ndinamvanso zimene unkauza mlongo wako Yotamu pa foni kuseri kwa nkhokwe, pakuti makutu anga akali akuthwa. Unati, "Ba Yotamu, ine siniyenda chaka chino. Atate anagwa, ningabasiye bwanji beka?" Yankho lake sindinalimve, koma ndikulidziwa, chifukwa wakhala akulinena kuyambira pa maliro a amayi anu: nditseke nyumba ndi shedi, ndikakhale kwake ku Lusaka. Nonse awiri mumandikonda, zimenezo sindikayika. Koma nonse awiri mukufuna kulakwa kulakwa kumene ndinalakwira amayi anga, ndipo ndikapanda kukuuza lero ndiye kuti ndalakwa kawiri.

Ambuya ako unawadziwa atafooka kale, uli kamwana kosayamba sukulu. Sunawaone pamene tinkachoka ku Katete kudzakhala kuno. Anali mayi wosagwirika. Anali ndi nyumba yawoyawo kutsidya kwa kanjira, munda wa mtedza, nkhuku zosawerengeka, ndi thebulo la nthochi ndi tomato pa msewu waukulu. Munthu akafuna kuwanyamulira ndowa ankamufunsa ngati waona kuti manja awo aduka. Ukali wakowo sunautole panjira.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kukhulupirira zifukwa zawo. Anasiya kupita ku kasupe wa madzi otentha kumene ankakonda kukachapa ndi kuviika miyendo, n'kunena kuti kwachuluka alendo ojambula zithunzi. Ndinati n'zoona. Anasiya kupita ku mapemphero a m'mudzi a Lachitatu, n'kunena kuti azimayi a kumeneko angoyamba kunong'onezana. Ndinati azimayi ndi otero. Kenako thebulo la pa msewu analipereka kwa amayi ako, ati madalaivala a malole alibenso ulemu. Ngakhale chimanga chowotcha, chimene kale sankachipitirira, anayamba kuchikana, ati mbewu za masiku ano zilibe kukoma. Chilichonse chinali ndi chifukwa chake chomveka, ndipo sizinasiyidwe tsiku limodzi. Uzikumbukira zimenezi, Tika. Munthu wamkulu sanena kuti ndalephera. Amanena kuti sindifuna, kapena kuti zinthu zinasintha, ndipo amakupatsa chifukwa chokonzedwa bwino kuti usafunsenso.

Kulakwa kwachiwiri ndinakuchitira m'chipinda cha kiliniki. Anadwala chifuwa, ndiye ndinawakweza pa keriya ya njinga n'kupita nawo. Adokotala a tsikulo anali munthu waulemu. Anafunsa kuti, "Ambuya, mumvela bwanji?" Amayi anayang'ana ine. Kwathu mwana akaperekeza kholo ndiye amakamba, si bwino kutopetsa munthu wamkulu ndi mafunso, choncho ndinayankha ndine. "Ni chifuwa chabe, ba dokota." Anafunsanso ngati amadya bwino, ngati amagona, ngati anagwapo. Ine pa zonsezo yankho linali limodzi: "Ali bwino, zinazi ni ukalamba chabe." Amayi ankangogwedeza mutu, ine n'kumati akuvomera. Tinatuluka ndi mankhwala a chifuwa tisanatenthetse n'komwe mpando, ndipo ndinadzitama mumtima kuti sindinachedwetse mzere. Patapita chaka ndi pamene ndinadziwa kuti tsiku limenelo sanamve liwu ngakhale limodzi. Ndipo ngakhale akanamva, sakanatsutsa mwana wawo wamwamuna pamaso pa mlendo.

Mawu amenewo, akuti ndi ukalamba chabe, udzawamva tsiku lililonse pa ntchito yako. Adzawanena ana, adzawanena adzukulu, adzawanena okalamba eni ake, ndipo tsiku lina utatopa udzafuna kuwanena iwe. Uziwaopa. Ukalamba ulipodi, suchiritsika, koma m'kati mwake mumabisala tinthu tambiri tochiritsika, ndipo mawu amenewa amatiphimba tonse. Woperekeza uzimulandira mwaulemu, umupatse mpando, koma mpandowo ukhale kumbuyo. Iwe uyang'ane nkhope ya wodwalayo, iye aone pakamwa pako, ndipo umudikire ayankhe yekha ngakhale achedwe. Ana ngati ine timayankha msanga chifukwa timaganiza kuti tikuthandiza.

Kulakwa kwachitatu ndi kumene kumandipweteka mpaka lero, ndipo ndi kumene iwe ndi Yotamu mwakuyandikira. M'mawa wina Amayi anadzuka kukatsegulira nkhuku, n'kugwa pakhomo pa khola. Sanathyoke, anangosupuka bondo ndi chigongono. Koma ine ndinachita mantha, ndipo mantha anga ndinawatcha chikondi. Tsiku lomwelo ndinatenga khasu lawo n'kulibisa pa denga la nkhokwe. Ndinatenga ndowa, nkhuku ndinaziphatikiza ndi zathu, nyumba yawo ndinaikhoma loko, iwo ndinawasamutsira kwathu n'kuwayalira mphasa pakhonde. Madzi osamba ankawapeza atathiridwa, chakudya chinkawapeza pamphasa. Amayi ako anandichenjeza. Anati, "Ba Tembo, muwasiyileko kanchito kamodzi, olo kuswa nshawa." Ine ndinati anthu adzati chiyani akaona nkhalamba ikuswa mtedza ana ake alipo. Ndipo anthu ananditamandadi. Kutchalitchi ankandiloza kuti onani mwana wosunga kholo.

Anakhala pamphasa ija miyezi isanu ndi itatu. Miyendo imene inkafika ku munda tsiku lililonse inaonda, mpaka kupita kuchimbudzi kunkafuna munthu wowagwira. Anasiya kukalipa, ndipo ine ndinati mtima wawo wakhala pansi. Madzulo ena ndikupopa tayala pabwalo anandiitana. "Yosefe, nyumba yanga ikali?" Ndinati ikali, Amama. Kenako anati, "Nanga ine ndinalakwa chiyani?" Ndinaseka, ndinawauza kuti apumule, agwira ntchito zaka zambiri. Anatembenukira kukhoma, ine n'kupitiriza kupopa.

Amene anatitsegula maso anali namwino wina amene tinkamutcha Sista Kafupi, chifukwa akakwera njinga yamoto mapazi sankafika pansi. Ankabwera mwezi uliwonse kudzakweza ana sikelo pansi pa mtengo wa kusukulu. Amayi ako anamuitana ine osadziwa. Nditabwera kuchokera ku shedi ndinamupeza atakhala pamphasa pomwepo, maondo atagundana ndi a Amayi. Ndinayamba kufotokoza monga mwa chizolowezi changa, koma anandidula mwaulemu. "Ba Tembo, lelo imwe ndimwe mlendo. Nkhalani uko, musakambe." M'nyumba mwanga momwe, Tika. Ndinakhala, koma mtima unali ukuwira.

Sanawafunse kuti muli bwanji. Anandiuza pambuyo pake kuti funso limenelo ndi moni, ndipo yankho la moni limadziwika kale. Anasendera pafupi ndi khutu lawo n'kufunsa kuti, "Ambuya, chaka chatha munali kuchita chani chamene manje munasiya?" Ine pakamwa pankandiyabwa kufuna kuwayankhira. Koma Amayi anayamba kuwerenga pa zala. "Ku madzi otentha ndinasiya chifukwa miyala sindiiona bwino, ndiopa kuterereka. Ku mapemphero sindimva zimene akamba, ndimati ameni anzanga atatha kale, ndiye amandiseka. Pa msewu, lole ndimaiona itafika kale. Chimanga ndichifuna, koma mano awiri awa agwedera." Munalibe alendo ojambula zithunzi m'mawu awo, munalibe madalaivala opanda ulemu. Ndinakhala pa mpando paja ngati mlendo weniweni, ndikumva amayi anga koyamba. Chala chomaliza anachipinda akuyang'ana ine. "Khasu sindinasiye ndekha."

Funso limenelo ndi limene ndikufuna upite nalo, mwana wanga. Ku koleji adzakuphunzitsa mayina a mafupa ndi a mankhwala amene ine sindingathe kuwatchula. Koma ukadzakhala pamaso pa munthu wamkulu, uzimufunsa zimene anasiya. Amatunga yekha madzi? Amafika kumunda, kutchalitchi, kumsika? Amaphika, kapena amangodikira? Ngati anasiya, anasiya liti, ndipo chifukwa chenicheni n'chiyani? Chifukwa choyamba chimene angakupatse uchilandire ndi ulemu, koma udikire chachiwiri.

Tsiku lomwelo ndinalakwanso, ndipo ukamva useka. Sista anapempha mpando wopanda zogwirira, anawakhazika Amayi, n'kuwauza kuti apinde manja pachifuwa ndipo aimirire osagwira paliponse. Anayesa, thupi linanjenjemera, anabwerera pansi. Ine sindinapirire. Ndinalumpha, ndinawagwira pamkono n'kuwadzutsa, kenako ndinatembenukira kwa mwana wa eni ake uja. "Ba Sista, kwanu munthu wamkulu mumamuimilitsa monga mwana wa sukulu?" Iye sanakwiye. Anati, "Ba Tembo, nifuna kuona mphamvu zamene zasala mu mendo yawo. Mukawanyamula, nizaona mphamvu zanu." Pomwepo Amayi anandikankha ndi chigongono. "Yosefe, choka." Anali mawu awo akale aja, amene ndinali ndisanawamve miyezi yambiri. Anayesa kachiwiri, kachitatu, ndipo kachinayi anaimirira okha, akupuma mwamphamvu, n'kuyang'ana bwalo lonse ngati akuwerenga zimene zasowa.

Kuona kholo likuvutika iwe manja uli nawo n'kopweteka, ndikudziwa. Ulemu wathu umati thamanga, gwira, nyamula. Koma pali nthawi imene ulemu waukulu ndi kuika manja kumbuyo n'kuima pafupi, kuti akapendama uwagwire, koma asanapendame uwasiye. Zimenezi udzaziphunzitse ana a odwala ako, ndipo usadabwe akakukalipira monga ndinakalipira ine.

Chomaliza chimene Sista anapempha chinali mankhwala onse a m'nyumba, osasiya ngakhale amodzi. Ndinabweretsa kathumba ka pulasitiki monyadira, chifukwa amene ankawapatsa mankhwala m'mawa uliwonse ndinali ine, ndipo sindinkaphonya. Munali mapiritsi oyera a kuthamanga kwa magazi ochokera ku kiliniki. Munalinso ena ofiirira amene ndinawatengera ku Lusaka nditapita nawo kumeneko ulendo wina, osanyamula khadi lawo la kuno. Sista anawerenga timapepala take, anawayeza Amayi bipi, kuthamanga kwa magazi kuja, atagona, n'kuwayezanso ataimirira. Kenako anandiuza modekha kuti oyera ndi ofiirira ndi mankhwala amodzi, angosiyana chovala. Ndinkawamwetsa kawiri. N'chifukwa chake akadzuka msanga ankachita chizungulire, ndipo n'chifukwa chake anagwa pa khola paja. Taganiza, Tika. Ndinawatsekera m'nyumba miyezi isanu ndi itatu chifukwa cha kugwa kumene ndinakubweretsa ndekha ndi dzanja langa. Usiku umenewo sindinadye.

Zotsala zinali zazing'ono mochititsa manyazi. Makutu anali atatsekeka ndi phula, anawathira mankhwala masiku angapo n'kuwatsuka ku kiliniki, ndipo pobwerera pa njinga Amayi anandiuza kuti tcheni changa chikulira, ndithire oilo. Mano awiri aja anazulidwa. Mapatapata awo anali atasalala kunsi ngati sopo, tinawagulira nsapato zomanga. M'maso munali ng'ala, ndipo diso limodzi anakalikonza kuchipatala chachikulu. Khasu ndinalitsitsa pa denga la nkhokwe, ndinalidula mpini kuti lipepuke, ndipo loko wa nyumba yawo ndinakhomola ndekha. Sista ankawaona miyezi itatu iliyonse, ndipo ulendo uliwonse funso linali lomwelo, ndi mpando womwewo.

Anakhala m'nyumba mwawo zaka zina zinayi, akuphika okha, akukalipira nkhuku ndi ine. Ku mapemphero anabwerera. Ndi nthawi imeneyo imene iwe ukuikumbukira, pamene ankakutuma kukatola mazira. Koma ku munda waukulu wa mtedza sanafikenso. Ankalima kadimba kakuseri kwa nyumba basi, chifukwa mphamvu zimene zinathera pamphasa sizinabwerere zonse. Sanandidzudzulepo. Ndikanakonda akanandidzudzula, chifukwa ndikanapeza mpata wopepesa. Ndinkangoti ndidzapepesa tsiku lina, ndipo tsiku limenelo silinafike.

Udzandiuza kuti ku kiliniki mzere umakhala wautali, amayi oyembekezera ali apa, ana otentha thupi ali apo, namwino ndi mmodzi. Ndikudziwa, ndakhalapo pa mabenchi amenewo. Nkhalamba imakhala kumapeto, siidandaula, ndipo ikalowa imafuna kutuluka msanga kuti isatopetse anthu. Sindikukuuza kuti uzichita zonse tsiku limodzi. Koma kuona mmene munthu walowera pakhomo sikudya nthawi. Kuyang'ana nsapato zake, kumuimiritsa pa mpando, kumuuza kuti ulendo wamawa abwere ndi kathumba konse ka mankhwala, zimenezo sizifuna makina. Ndipo uzifunsa amene amakhala naye, chifukwa ena amadwala kusowa wokamba naye, makamaka amene anaferedwa. Ntchito yako pa munthu wamkulu si kumubwezera unyamata. Ndi kumuthandiza kuti akhalebe pakhomo pake, akudzichitira zimene angathe, kwa nthawi yaitali mmene zingathekere. Uziwafunsa zimene anasiya, Tika, ndipo pa zimenezo uzifunafuna zimene zingabwezedwe.

Tsopano ndifike pa zilembo zikuluzikuluzi.

Ukukumbukira kuti chaka chatha ndinasiya kuwerenga mawu kutchalitchi, ndipo ndinauza anthu kuti ndi nthawi yoti achinyamata aphunzire? Ananditamanda kuti ndine wodzichepetsa. Ukukumbukira kuti ndinasiya kupalasa njinga mpaka ku Mpanshya, ati minibasi zachuluka, ndivutikiranji? Ndiponso kuti ntchito yomanga masipoko ndinayamba kuikana, ati anthu ake ndi ovuta? Ndine mwana wa amayi anga. Zoona zake n'zakuti zilembo za m'buku zinayamba kusungunuka, dzenje la pa msewu ndimaliona nditalowamo kale, ndipo kabowo ka sipoko ndimakafufuza ndi chala. Kalata ino ndikuilemba masana chifukwa pa nyale sindingathe. Ine amene ndakhala zaka zonsezi ndikudziwa funso la Sista Kafupi, ndinadzibisira ndekha yankho lake. Ndipo iwe unakhulupirira zifukwa zanga monga ndinakhulupirira za ambuya ako. Sindikukuimba mlandu, ndinazikonza bwino.

Kugwa kuja unakuona, pamene ndinadzuka pa benchi lino n'kupezeka ndili pansi pakati pa matayala, kunali kwachiwiri. Koyamba kunali kubafa, iwe uli kumsika. Ndakuuza tsopano, ndipo chobisika chatsala chimodzi chokha.

Lachinayi lapitali ndinakuuza kuti ndikupita ku Chongwe kukagula machubu. Unadabwa kuti ndabwera wopanda chubu, ndipo ndinati anatha. Ndinali ku kiliniki. Ndinapita ndekha, dala, kuti pasakhale wondiyankhira. Sista Kafupi anasamuka kalekale, amene alipo tsopano ndi adokotala achinyamata, msinkhu wa Yotamu. Anati, "Muli bwanji, ba Tembo?" Pakamwa panga panayankha pokha kuti ndili bwino, ndipo ndinaona bolopeni yawo ikuyamba kuyenda. Ndinadzigwira mtima. Ndinati, "Ba dokota, uwo unali moni. Manje munifunse zamene nasiya." Anandiyang'ana, anaseka, anaika bolopeni pansi n'kutembenuza mpando wawo.

Anandipima bwinobwino, ndiwayamikire. Anandiimiritsa pa mpando kasanu manja ali pachifuwa, ndipo ndinakwanitsa, ngakhale kachisanu mawondo anadandaula. Anandiyendetsa mpaka pakhomo n'kubwerera. Anaima kumbuyo kwanga n'kunong'ona manambala, ndinawamva onse. Anandipatsa mawu atatu oti ndisunge, mbuzi, mchere ndi Lachisanu, n'kundisokoneza ndi nkhani zina. Atandifunsa ndinapereka mbuzi ndi Lachisanu msanga, mchere unachedwa pang'ono koma unabwera. Anati mutu uli bwino, ndiye ukauze Yotamu kuti asayambe kundilankhula mokweza. Anafunsa ngati ndimasungulumwa chimwalirire amayi ako. Ndinati inde, madzulo, ndipo aka kanali koyamba kuuza munthu zimenezo. Pa chikwangwani cha zilembo ndiye ndinagwa mayeso. Diso lamanzere linangoona chilembo chapamwamba, lamanja linafika mzere wachitatu. Ndi ng'ala, ngati ya ambuya ako, ndipo imakonzeka. Bipi nayo imatsika ndikaimirira msanga, ndiye asintha mapiritsi anga ndipo andiuza kuti ndikadzuka ndizikhala kaye pamphepete pa bedi ndisanaponde pansi.

Zonse zalembedwa pa khadi, lili m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, ukaliwerenge wekha poti ndiwe namwino wamawa. Kalata yonditumiza kuchipatala cha maso ilinso momwemo, tsiku ndi la mwezi wamawa. Ba Shawa, anzanga a kutchalitchi a nyumba yoyandikana nayo, avomera kundiperekeza, ndiponso kuti m'mawa uliwonse azidzagogoda popita ku dimba. Madzulo ndizikadya kwawo kawiri pa sabata, akazi awo ndiwo alamula. Kwa Yotamu ndikakhala sabata imodzi pochira diso, imodzi yokha, kenako ndibwerera ku shedi yanga. Kubafa ndakhomerako mtengo wogwirira, unauona dzulo n'kuganiza kuti ndi wopachikira thaulo. Njinga sindikwera mpaka diso litakonzedwa, zimenezo ndalonjeza. Ndipo miyezi itatu iliyonse ndizibwerera ku kiliniki, kudwala kapena kusadwala.

Sindikukulonjeza kuti sindidzagwanso. Munthu wa zaka zanga salonjeza zimenezo. Tsiku lidzafika limene ndidzafunadi dzanja la munthu, ndipo likadzafika ndidzanena ndekha, sindidzakupatsanso zifukwa zokonza. Koma tsiku limenelo si mawa. Ukakhala pano chaka chino udzanditungira madzi, udzandiphikira, udzandilanda pampu m'manja, ndipo udzachita zonsezo ndi mtima wabwino. Anthu adzakutamanda kutchalitchi. Pomafika chaka chamawa ine ndidzakhala pamphasa, iwe malo ako a ku koleji atapatsidwa wina, ndipo tonse awiri tidzakhala titataya. Njira imeneyo ndinaiyenda, ndikudziwa kumene imathera.

Ndikukusowa kale, usanachoke n'komwe. Nyumba ino idzakhala zii, ndipo palibe amene adzandidula mawu. Zimenezo ndizinena poyera kuti usaganize kuti ndikukuthamangitsa ndi mtima wouma. Uziimba foni Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Ukaimba, moni upereke, ndi mwambo. Koma ukatha moni undifunse funso lija, ndipo usalandire yankho loyamba. Uzidya, usamagone ndi njala chifukwa cha mabuku. Anzako uwasankhe pang'onopang'ono. Aphunzitsi akakudzudzula usawayankhe asanamalize, si onse amene ali ngati atate ako.

Adokotala aja akadzandifunsa ulendo wamawa kuti mwasiya chiyani, ndikhoza kuyankha kuti njinga, kapena masipoko, ndipo sindidzachita manyazi. Koma ndisadzayankhe kuti ine sindinasiye kanthu, amene anasiya ndi mwana wanga, anasiya sukulu chifukwa cha ine. Limenelo lokha ndi yankho limene sindingathe kulinyamula.

Kalatayi ndiiika pamwamba pa bulangete lako. Ukaiwerenga ulipinde, ulibwezere mu sutikesi. Ndikudziwa kuti mawu anga okha sakukwanira, uli ngati ambuya ako, umafuna kuona ndi maso. Choncho mpando uja wopanda zogwirira ndauika kale pakhonde. Mawa m'mawa, tisanatsikire ku msewu kukadikira minibasi, ndidzakhalapo, ndipinde manja pachifuwa, ndipo iwe udzandipime. Ndidzakhala wodwala wako woyamba. Uime pafupi, uwerenge mokweza mpaka kasanu. Mawondo akanjenjemera usachite mantha, amatero. Manja ako uwaike kumbuyo, mwana wanga, ndipo undisiye ndiimirire ndekha.

Ndine atate ako,
Yosefe Tembo